Amene ankagoba nkhope za mafumu pa mkuwa sanali okopera chabe

Zithunzi zambiri za anthu zimene zinasindikizidwa ku Paris ndi ku Antwerp m'zaka za m'ma 1600 zili ndi mayina awiri m'munsi mwake, olembedwa timalemba tating'onoting'ono. Kumanzere kumakhala dzina la amene anajambula munthuyo ndi penti, kumanja dzina la amene anagoba chithunzicho pa chipepala cha mkuwa kuti chisindikizidwe. Okonda zojambula ambiri amawerenga lakumanzerelo n'kukhutira: Rubens, Van Dyck, Le Brun, Rigaud. Lakumanjalo amangolidumpha. Kwa iwo wogoba anali wantchito wa mmisiri weniweni, munthu wa manja abwino koma wopanda maganizo akeake. Ine ndikukana. Pa zithunzi za nkhope, ntchito ya wogoba inali yovuta kuposa ya wopenta, ndipo ena mwa ogobawo ankaona munthu bwino kuposa openta amene timawatamanda lero.

Kuti timvane, tiyambe taona chimene munthuyu ankachita akakhala patebulo lake.

Ankayamba ndi mkuwa wosulidwa mpaka kuphwatalala, wokwechedwa ndi miyala ndi makala mpaka kusalala kotheratu, chifukwa kakang'ambika kalikonse kotsalira kankatuluka papepala. Chida chake chachikulu chinali burin, kandodo kachitsulo cholimba ka ngodya zinayi, kodulidwa mopendeka kunsonga, kokhala ndi chigwiriro chathabwa chobulungira chimene chimakhala m'chikhatho. Chidachi sachigwira ngati cholembera ndipo sachikoka. Amachikankha ndi chikhatho, chitagona pafupifupi kufanana ndi mkuwawo, ndipo nsonga yake imalowa n'kutulutsa kaulusi ka mkuwa kopotana. Akakanikiza pang'ono mzere umatuluka wopyapyala, akawonjezera mphamvu umazama ndi kutambasuka. Motero mzere umodzi ukhoza kuyamba ngati tsitsi, kunenepa pakati, n'kutheranso kunsonga. Mzere wotupa pakatiwu ndiwo unali chuma cha ntchito yonseyi. Cornelis Cort ndi Hendrick Goltzius ndiwo anaukhwimitsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo onse obwera pambuyo anatengera pamenepo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pokhota, dzanja logwira burin silikhota. Mkuwa umakhala pa kapilo kachikopa kodzaza mchenga, ndipo dzanja linalo ndilo limazunguza mkuwawo kuti ukumane ndi nsonga, monga mmene woumba mbiya amazunguzira phale lokhalapo dongo pamene dzanja loumba lili pamodzimodzi. Ndiye kuti mzere uliwonse wa tsaya, wa chikope, wa mlomo, umafuna manja awiri ogwirizana, lina kukankha, lina kuzunguza. Akatha kudula amapala timinga totsalira m'mbali mwa mzere kuti inki isakakamirepo. Akalakwitsa palibe chofufutira. Amayenera kupala malo onsewo, kumenya mkuwa ndi hamala kuchokera kumbuyo kuti pafanane, kusalaza, kenaka kuyambanso. Zonsezi akuchita chithunzi chili chotembenuka, kumanja kuli kumanzere, popeza papepala chidzatuluka mosinthana. Ngakhale malemba a dzina la munthuyo ankagobedwa chobwerera m'mbuyo.

Posindikiza, inki yolimba amaipaka pamkuwa ponse n'kuikanikizira m'mizere, kenaka kupukuta pamwamba ndi nsanza, pomalizira ndi chikhatho, kuti itsale m'mizere mokha. Pepala lonyowetsedwa amaliika pamwamba, n'kudutsitsa zonse pakati pa mipukutu iwiri ya makina amene amafinya mwamphamvu moti pepala limalowa m'mizere n'kutola inkiyo. N'chifukwa chake pa chithunzi chenicheni inki imakhala yotumphuka pang'ono, ndipo m'mbali mumaoneka chidindo cha pamene mkuwa unathera. Abraham Bosse anafotokoza makinawa ndi kasindikizidwe konse m'buku lake la mu 1645, limene amisiri a m'mayiko angapo analigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri.

Tsopano taganizani zimene wopenta ali nazo m'manja. Ali ndi mtundu wofiira wa tsaya, wabuluu wa mtsempha, wachikasu wa golide. Akhoza kusakaniza, kupaka pamwamba pa zimene wapaka kale, kufafaniza ndi chala. Wogoba ali ndi zinthu ziwiri zokha: mzere wakuda ndi pepala loyera. Alibe ngakhale mtundu wotuwa. Zonse zotuwa zimene diso lanu limaona pa chithunzi chotere palibepo, diso lanulo ndilo likusakaniza mizere ndi mipata yake. Choncho ayenera kusankha, malo ndi malo, kuti mizere italikirane motani, izame motani, ilowere kuti, idutsane kangati. Chitsulo cha chovala chankhondo chimafuna mizere yaitali yoyera bwino, yodukiza mwadzidzidzi pamene pali kuwala. Nsalu yofewa yakuda imafuna mizere yodutsana katatu, yothithikana. Ubweya wa m'khosi mwa mkanjo wa woweruza umafuna timizere tatifupi totsatira mmene ubweyawo wagonera. Ndipo khungu la nkhope limakana zonsezi. Ukalidula ndi mizere yamphamvu munthu amaoneka ngati wavala ukonde kumaso. Ukalisiya loyera amaoneka wapulasitala. Penti ya Van Dyck siimuuza wogoba chochita pamenepa. Yankho ayenera kulipeza yekha, ndipo kulipezako ndiko luso limene tikulikana tikamutcha wokopera.

Rubens, amene sankataya ndalama pachabe, ankadziwa zimenezi. Cha mu 1619 ndi 1620 anapeza zilolezo zoteteza zosindikiza zake ku France, ku Spanish Netherlands (dera limene munali Antwerp, lero Belgium) ndi ku Dutch Republic, ndipo anadzisankhira ogoba oti aziwayang'anira yekha, n'kumakonza ndi dzanja lake mapepala oyesera. Woyamba kutchuka pakati pawo anali Lucas Vorsterman. Mu 1622 awiriwa anayambana koopsa, mpaka anzake a Rubens anakam'pemphera chitetezo kwa olamulira. M'kalata ina Rubens anadandaula kuti wogoba wakeyo akudzimva, akuti luso lake ndi dzina lake ndizo zikupatsa mtengo zosindikizazo. Olemba mbiri ambiri amaima ndi Rubens n'kunena kuti Vorsterman anasokonezeka mutu. Mwina anasokonezekadi. Koma pa mfundo yeniyeniyo sanali kutali ndi zoona. Anthu amene anaonako penti ya Rubens ndi maso anali ochepa, eni nyumba zachifumu ndi olowa m'matchalitchi ena. Ulaya yense anamudziwa Rubens kudzera m'mizere ya Vorsterman, ya Paulus Pontius ndi ya abale awiri a Bolswert.

Otsutsana nane ali ndi mboni yamphamvu, ndipo sindiibisa. Ndi Van Dyck mwini wake. M'zaka za m'ma 1630 iye anayamba ntchito yosonkhanitsa nkhope za anthu otchuka a nthawi yake, akalonga, akuluakulu ankhondo, ophunzira ndi amisiri anzake, imene lero imatchedwa Iconography. Zambiri anazipereka kwa ogoba. Koma zochepa anazichita yekha, mwa njira ina yofulumira: kupaka mkuwa phula, kujambulapo ndi singano, n'kusiya asidi kuti adye mizereyo. Nkhope zimenezi n'zamoyo modabwitsa. Mutu wathunthu, thupi timizere tiwiri titatu, pepala lotsala loyera. Van Dyck atamwalira ku London mu 1641, wosindikiza wina wa ku Antwerp, Gillis Hendricx, anatulutsa zithunzi 100 cha mu 1645, ndipo zina mwa zimene Van Dyck anasiya zosatha zinali zitamalizidwa ndi burin. Chithunzi cha Van Dyck mwini wake, kamutu kokha kotembenuka pamwamba pa pepala, Jacob Neeffs anachisandutsa chosema chokhazikidwa pa chipilala kuti chikhale tsamba loyamba la bukulo. Osonkhanitsa zithunzi masiku ano amalimbirana mapepala oyamba osamalizidwawo, ndipo ndikuvomereza kuti ndi okoma kuposa omalizidwa. Wonjezanipo Rembrandt, amene ndi singano ndi asidi anajambula Jan Six mu 1647 ndi Jan Lutma mu 1656, ndiye mlandu ukuoneka ngati watha: wopenta akagwira mkuwa yekha pamatuluka moyo, wogoba akabwera amaupha.

Koma mboni imeneyi ikunena za chinthu china. Ikutiuza kuti kuphatikiza manja awiri osiyana pa mkuwa umodzi, mwini wake atafa, n'kulakwa. Siikutiuza kuti burin siingathe kugwira munthu. Ndiponso amene amagula nthawi imeneyo sanali opusa pofuna zomalizidwa. Mizere yodyedwa ndi asidi, makamaka yopyapyala, imatha msanga posindikiza. Mzere wa burin ndi wozama ndi wa m'mbali moyera, umapirira mapepala ambirimbiri. Munthu wofuna kuti nkhope yake ifike ku Rome, ku Madrid ndi ku Amsterdam ankafuna mkuwa wokhalitsa. Funso loyenera n'lakuti: burin ikakhala m'manja mwa munthu amene wadzionera yekha nkhopeyo, chimatuluka n'chiyani?

Chimatuluka ndi Robert Nanteuil. Anabadwira ku Reims cha mu 1623, anaphunzira filosofi, anafika ku Paris cha mu 1647, ndipo pomwalira mu 1678 anali atagoba zithunzi zoposa 200, pafupifupi zonse za nkhope. Pa zambiri mwa izo dzina m'munsi ndi limodzi lokha, ndi mawu achilatini akuti ad vivum, kusonyeza kuti munthuyo anakhala pamaso pake. Ankayamba wam'jambula ndi makala kapena choko cha mitundu, ndipo wophunzira wake wa ku Italy, Domenico Tempesti, anasunga malangizo ake, kuphatikizapo chizolowezi chocheza ndi munthu wojambulidwayo kuti nkhope isaume. Kenaka ankapita nazo pa mkuwa. Apa palibe wopenta woti tim'patse ulemu. Diso, maganizo ndi dzanja ndi za munthu mmodzi.

Mukaika galasi lokulitsa pa tsaya la chithunzi cha Nanteuil mupeza kuti mizere yaitali njochepa. Pali timikwasu tatifupi, tina tosaposa dontho, totsatana mogwirizana ndi kubulungira kwa fupa, tothithikana polowera kumthunzi, tobalalika potulukira kowala mpaka kutha osadziwa pamene tathera. Mizere yeniyeni yodutsana amaisungira pansi pa chibwano, m'mbali mwa mphuno ndi kumbuyo kwa munthuyo. Zina zonse amazichepetsa dala: mphete yozungulira ngati dzira, chizindikiro cha banja m'munsi, kolala yoyera, chovala chakuda. Palibe chokokera diso kwina. Ukangoyang'ana wakumana ndi maso a munthu. Anagoba nduna yaikulu Kadinala Mazarin kangapo, nduna Colbert, mkulu wankhondo Turenne, mfumu ya France Louis XIV kangapo, ndi Mngelezi John Evelyn mu 1650. Chimene ndimachibwerera kawirikawiri ndi cha Nicolas Fouquet, mkulu wa chuma cha mfumu, cha mu 1661. Kakumwetulira kali pangodya ya mlomo, maso a munthu wozolowera kuti zinthu zimamuyendera. M'chaka chomwecho mfumu inam'manga, ndipo anafera m'ndende. Sindikuti Nanteuil analosera. Ndikuti anaika pa mkuwa munthu weniweni, wodzidalira mopitirira, ndipo anatero ndi kachitsulo kamene kakangoterereka kamodzi ntchito ya masabata yawonongeka.

Amene akukayikirabe kuti dzanja la wogoba lili ndi kanthu ayang'ane mbali inayo. Nkhope ya Shakespeare imene dziko lonse likuidziwa inagobedwa ndi Martin Droeshout m'buku la masewero ake la mu 1623, mwini wake atamwalira kale mu 1616. Mutu waukulu woyandama pamwamba pa kolala, mapewa osagwirizana, khungu louma. Chida n'chomwecho, mkuwa n'chimodzimodzi. Kukanakhala kukopera chabe, Droeshout ndi Nanteuil akanafanana.

Boma la France lenilenilo linavomereza mfundoyi. Mu 1660, ali ku Saint-Jean-de-Luz kumene anakakwatira, Louis XIV analamula kuti kugoba zithunzi ndi luso laufulu, losayenera kuikidwa pansi pa mabungwe a amisiri a ntchito zamanja, ndipo Nanteuil amatchulidwa kuti anathandiza kuti lamulolo lituluke. Pamenepa panali ndale ndithu. Mfumu yofuna kuti nkhope yake ipezeke paliponse inkafuna ogoba okhutira. Msika nawo unalipo wokwanira: ophunzira a mabanja olemera, pokateteza maphunziro awo poyera, ankalipira kuti nkhope ya nduna kapena bishopu wowathandiza igobedwe pamwamba pa chikalata chachikulu cha mfundo zawo, n'kugawira alendo. Zithunzi zambiri za Nanteuil zinabadwa motere. Paris inakoka amisiri akunja, monga Gérard Edelinck wa ku Antwerp amene anafika mu 1666, ndipo chithunzi chake cha wopenta Philippe de Champaigne cha mu 1676 chikusonyeza kuti ngakhale wogoba wotsatira penti ya wina akhoza kuipatsa kulemera kwake kwake.

Luso limeneli silinafe, linangosamuka. Tengani K2000 muyang'anitsitse nkhope ya John Chilembwe, kapena ya Rose Chibambo pa K200. Muona mizere yotupa ndi kuchepa, timikwasu ndi madontho pamasaya, mizere yodutsana pamithunzi. Ndi kaganizidwe komwe kaja. Opanga ndalama anakasunga chifukwa nkhope yomangidwa ndi mizere yotere njovuta kuibera, ndipo diso la munthu limazindikira msanga nkhope ikasintha pang'ono. Njira inanso imene inabwera kudzapikisana ndi burin, mezzotint, imene Ludwig von Siegen anayamba nayo mu 1642 ndipo Angelezi anaikonda kwambiri, inkapereka mithunzi yofewa mofulumira, koma mkuwa wake unkatha msanga.

Sindikufuna kuwayeretsa ogobawa kotheratu. Ntchito yawo inali malonda, ndipo malonda ali ndi manyazi ochepa. Pierre Lombart, Mfalansa wogwira ntchito ku London, anatenga penti ya Van Dyck ya mfumu ya England Charles I ali pa hatchi, n'kuigoba ndi mutu wa Oliver Cromwell, munthu amene anatsogolera kuphedwa kwa mfumuyo. Mphepo ya ndale itasintha, mutuwo unapalidwa pa mkuwa. Alipo mapepala osindikizidwa wokwera hatchiyo alibiretu mutu, ndipo pambuyo pake panaikidwa mutu wa Charles. Hatchi, chovala chankhondo ndi thupi zinakhala zomwezo. Amene amati chithunzi chogoba ndi umboni wa mmene munthu ankaonekera ayenera kukumbukira mkuwa umenewu.

Cholakwa chachikulu, komabe, sichinali chinyengo. Chinali kudzionetsera. Munthu akalamulira chida chovuta chotere, chiyeso chake n'chofuna kuti aliyense aone kuti wachilamulira. Claude Mellan, wa ku Abbeville, anasiya mizere yodutsana n'kumamanga zonse ndi mizere yoyenda mbali imodzi, yongonenepa ndi kuchepa. Mu 1649 anagoba nkhope ya Khristu ndi mzere umodzi wokha, woyambira pansonga ya mphuno n'kumazungulira mpaka kudzaza pepala lonse. Maso, minga, madontho a magazi, malemba, zonse zikutuluka mwa kutupa kwa mzere womwewo. Palibe amene angachione osazizwa, ndipo tikakumbukira kuti ndi mkuwa umene unkazunguzidwa, kuzizwako kumakula. Koma dzifunseni chimene mumakamba mukachoka pamenepo. Mumakamba za mzere. Nkhopeyo simuikumbukira. Antoine Masson anagoba imvi za Guillaume de Brisacier mu 1664 mokongola moti chithunzicho chimadziwika ndi imvizo kuposa ndi mwini wake.

Pofika nthawi ya banja la Drevet, chiyesochi chinali chitapambana. Pierre Drevet anagoba penti ya Rigaud ya Louis XIV atavala mkanjo wachifumu, ndipo mwana wake Pierre-Imbert anagoba Bishopu Bossuet mu 1723. Pa luso la manja, chithunzi cha Bossuet mwina palibe chochiposa: lesi ya chovala ukhoza kuwerenga timabowo take, ubweya, silika, mapepala, thabwa la tebulo, chilichonse chili ndi mizere yakeyake ndipo palibe pamene dzanja linanjenjemera. Ambiri amachiika pamwamba pa ntchito yonse ya ogoba a ku France. Ine ndimachiika pansi pa Fouquet wa Nanteuil, ndiponso pansi pa Champaigne wa Edelinck. Bossuet anali mlaliki amene nyumba yachifumu yonse inkakhala chete akaimirira kulankhula pa maliro a akalonga, koma pa pepala limeneli mutu wake ndi kachigawo kakang'ono pamwamba pa mulu wa nsalu, ndipo diso limafikako litatopa kale ndi lesi.